Kugwira Mnzako Pakhosi: Phunziro la Lamulungu la 24 pa Chaka

Mawerengo a lero: Mphunzitsi Sira 27:30–28:7, Aroma 14:7-9, Mateyo 18:21-35

Mu Mthenga Wabwino wa lero, Ambuye Yezu akusimba za wantchito amene adali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu yake. Talente imodzi inkafanana ndi madinari 6,000, ndipo dinari imodzi adali malipiro a waganyu a tsiku lathunthu. Ndiye kuti ngongole ya munthuyu idali ya masiku 60 miliyoni a ganyu, yoti ngakhale zidzukulu za zidzukulu zake sizikadaimaliza. Iye adagwada napempha kuti amulezere mtima, ndipo mfumu idamumvera chisoni nkufafaniza ngongole yonse. Atangotuluka panja, adakumana ndi wantchito mnzake amene adamkongola madinari 100, malipiro a miyezi itatu ndi masiku ochepa. Adamuthamangira nkumugwira pakhosi kuti abweze pomwepo. Mnzakeyo adagwada, napempha monga momwe iye adapemphera kwa mfumu, koma sadamvedwe. Adakaponyedwa m'ndende.

Tanthauzo la mawuwa

Mawu akuti "kugwira pakhosi" ndi odziwika kwa aliyense wolankhula Chichewa. Amamveka mu minibasi, pa msika wa Kawale, pa mzere wotunga madzi ku Mgona, ngakhale m'maofesi a ku City Centre. Munthu amati, "Mwini nyumba wandigwira pakhosi," kapena, "Ndidasayina chifukwa adandigwira pakhosi." Kawirikawiri palibe dzanja limene lakhudza khosi la munthu. Mawuwa amatanthauza kuumiriza munthu mpaka avomere chimene mtima wake ukukana, pomuonetsa kuti akakana aona zakuda. Ena amati kufinya, ena kupanikiza, enanso kuika munthu pampanipani.

Makolo sadasankhe khosi mwangozi. Pakhosi ndi pamene pamadutsa mpweya, chakudya ndi mawu. Wogwidwa pakhosi sapuma bwino, salankhula, ndipo saganiza china chilichonse kupatula kuti dzanjalo lichoke. Angathe kuvomera chinthu chilichonse. Nchifukwa chake "inde" wa munthu wogwidwa pakhosi sasonyeza zimene munthuyo akufuna, amangosonyeza kukula kwa mantha ake.

Chichewa chimaikanso zamumtima pakhosi pomwepo. Munthu akafuna kuulula zomuvuta amanena zakukhosi. Akasunga mkwiyo amati ali ndi chakukhosi. Nkhani ikatha bwino amati kukhosi kwayera. Mphunzitsi Sira m'mawerengo oyamba akudzudzula munthu wosunga mkwiyo amene akufunanso kuti Mulungu amuchiritse. Mawerengo awiriwa akugwirizana apa: amene wasunga chakukhosi sachedwa kutambasulira dzanja pakhosi pa mnzake.

Kusiyana kwa kupempha ndi kugwira pakhosi

Kupempha, kulangiza, kudandaulira ndi kuchenjeza sikulakwa. Kholo limalangiza mwana, ankhoswe amadandaulira banja, wobwereketsa amakumbutsa wobwereka. Pali zizindikiro zimene zimasonyeza kuti pempho lasanduka kugwira pakhosi.

Choyamba, wopemphedwayo alibe mwayi wokana. Akati "iyayi," chilango chakonzeka kale: ntchito itha, katundu atayidwa panja, chinsinsi chake chifalitsidwa pa WhatsApp. Chachiwiri, woumirizayo amagwira pamene mnzake ali wofooka: njala, matenda a mwana, maliro, fizi, manyazi. Chachitatu, amafuna yankho msangamsanga ndiponso mobisa: "Musauze munthu, ndipo pofika madzulo mukhale mutayankha." Munthu wa zolinga zabwino saopa kuti mnzake akagone nayo nkhani kapena akafunse nzeru kwa ena.

Kugwira pakhosi sikuchitika ndi mawu aukali okha. Buku la Oweruza, mutu 16, limasimba za Delila amene adapanikiza Samisoni tsiku ndi tsiku ndi madandaulo achikondi mpaka iye adatopa nkuulula chinsinsi cha mphamvu zake. Mawu akuti "ngati umandikondadi, uchita zimenezi" agwetsa anyamata ndi atsikana ambiri. Mawu akuti "kumbukirani zimene ndidakuchitirani, achimwene" asayinitsa anthu mapepala amene sadawawerenge. Mphatso imene pambuyo pake isanduka chingwe chokokera munthu idali ngongole kuyambira pachiyambi.

M'makwalala a Lilongwe

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi katapila. Bambo wa ku Area 23 amene mwana wake wadwala pakati pa mwezi amabwereka K50,000 nkuuzidwa kuti pakutha pa mwezi abweze K75,000 kapena kuposerapo. Chikole chimakhala khadi yake ya ATM pamodzi ndi nambala yachinsinsi, mwinanso chiphaso cha unzika. Tsiku la malipiro woyamba kufika pa makina ndi wakatapila uja. Bamboyo amatsala ndi zochepa zoti sizingafike pa 10, ndiye amabwerekanso kwa munthu yemweyo. Chaka chimatha akugwirira ntchito munthu wina.

Malembo Oyera adaona kale mchitidwe wotere. Deuteronomo 24 amaletsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa kutero nkutenga moyo wa banja limene limadalira mpheroyo. Mutu womwewo umaletsa wobwereketsa kulowa m'nyumba ya mnzake kukatenga chikole. Ayenera kuima panja. Eksodo 22 amalamula kuti chofunda cha mmphawi chikatengedwa ngati chikole, chibwezedwe dzuwa lisanalowe, pakuti alibe china chofunda usiku. Mphero ya masiku ano ndi makina a telala wa ku Biwi, njinga ya wakabaza wa ku Chinsapo, mbaula ndi chiwaya cha mayi wokazinga mandasi, khadi ya ATM ya mphunzitsi. Kulanda zimenezi nkutseka njira yomwe ngongoleyo ikadabwezedwera.

Pali eni nyumba amene lendi ikachedwa amazula chitseko kapena kuchotsa lata nthawi ya dzinja, ana ali momwemo. Pali magulu a banki m'khonde amene adayamba ngati njira yothandizana, koma tsiku logawana likayandikira amakanyamula matilesi ndi mapoto a mayi amene mwamuna wake wangomwalira kumene. Pali mabwana amene amauza mtsikana wofuna ntchito kuti kalata yake iyenda pokhapokha akakumane kumalo ogona alendo. Pali achibale amene maliro asanaikidwe nkomwe amazinga namfedwa kuti, "Alamu, makiyi a nyumba ndi mapepala a puloti abwere kuno." Ena mwa ochita zonsezi amavala yunifolomu ya bungwe la mu mpingo Lamulungu m'mawa, ndipo amalandira Ukaristia.

Malamulo a dziko lino sali chete pa zimenezi. Lamulo loona za chuma chamasiye la chaka cha 2011 limati kulanda katundu wa namfedwa ndi ana amasiye ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere. Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake chapyola muyeso. Koma mkhristu sadikira khoti kuti adziwe kuti dzanja lake lili pamalo olakwika.

Apa pafunika kumvetsa bwino. Fanizo la Yezu silikunena kuti ngongole isamabwezedwe. Madinari 100 aja adali ngongole yeniyeni. Salimo 37 limatcha woipa munthu amene amakongola osabweza. Mwini nyumba nayenso ali ndi ana ofuna kudya, ndipo ndalama za banki m'khonde ndi thukuta la amayi osauka. Wobwereka amene amazimitsa foni, kusamuka usiku, kapena kugula zovala zatsopano ngongole ili pakhomo, akuchimwira chilungamo. Cholakwa cha wantchito uja chidali njira imene adatsata, ndiponso kuiwala chifundo chimene iye mwini adangolandira kumene. Akadatha kukhala pansi ndi mnzakeyo, kuitana mboni, nkugwirizana zobweza pang'onopang'ono. Njira zimenezi zilipo mpaka lero: atsogoleri a mphakati, mafumu a m'dera, ankhoswe, ndipo zikakanika, bwalo la milandu.

Dziko lino lidalawapo

Akuluakulu a m'parishi muno akukumbukira nthawi ya chipani chimodzi, pamene khadi ya chipani inkagulitsidwa moumiriza. Achinyamata a chipani ankaima pa zipata za misika ndi pa madepoti a basi, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula khadiyo chifukwa cha chikhulupiriro chawo, adaletsedwa m'dziko muno mu 1967. Mu 1972 ambiri mwa iwo adamenyedwa, nyumba zawo zidatenthedwa, ndipo zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993.

Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Mwa zina, kalatayo idadzudzula zopereka zokakamiza ndi mchitidwe wotsekereza anthu opanda khadi kulowa m'misika, m'zipatala ndi m'madepoti. Boma lidati kalatayo ndi youkira. Ambuye James Chiona ndi maepiskopi anzawo adaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre, makina osindikizira a ku Balaka adatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko mu Epulo chaka chomwecho. Pa 14 Juni 1993, anthu atapatsidwa mwayi wosankha mwachinsinsi pa referendamu, ambiri adasankha zipani zambiri. Makadi adali m'matumba mwa anthu pafupifupi onse, koma mitima yambiri idali kwina. Akale adati kukana nsalu ya akulu nkuiviika: woumirizidwa amavomera pakamwa, nakana m'zochita.

Mpingo umene udalankhula molimba mtima chotere mu 1992 uyenera kukhala woyamba kudziyang'ana wokha.

M'nyumba ya Mulungu momwe

Mbiri ya Mpingo ili ndi mabala ake pa nkhaniyi. Fanizo la phwando lalikulu pa Luka 14, pamene mwini phwando akutuma wantchito kukaumiriza anthu a m'misewu kuti alowe, lidagwiritsidwapo ntchito molakwika. Augustino Woyera mwini wake adalitchula povomereza kuti boma likakamize gulu la Adonatisti a kumpoto kwa Afrika kubwerera mu Mpingo, ndipo m'zaka zotsatira ena adachita nkhanza zazikulu potsamira maganizo amenewo. Chonsecho kuumiriza kwa m'fanizoli nkofanana ndi kwa mayi wa pakhomo amene amakakamira mlendo wamanyazi kuti asambe m'manja adye nsima. Mlendoyo akanenetsa kuti wakhuta, palibe chimene chimamuchitikira.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano udawongola zimenezi. M'chikalata cha Dignitatis Humanae cha pa 7 Disembala 1965, Mpingo udaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chipembedzo, ndipo choona chimalowa mumtima ndi mphamvu yake yokha. Malamulo a Mpingo amatsatira chiphunzitsochi. Lamulo 748 limaletsa kukakamiza munthu kulowa Chikatolika. Lamulo 219 limapatsa mkhristu aliyense ufulu wosankha yekha njira ya moyo wake, kaya banja, unsembe kapena usisiteri. Lamulo 1103 limati ukwati umene munthu walowa chifukwa choumirizidwa kapena mantha aakulu ochokera kwa ena ndi wosakhazikika pamaso pa Mpingo. Lamulo 848 limati osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi wawo.

Malamulowa akukhudza zochitika za m'miphakati. Mtsikana akatenga mimba, achibale amathamangira kukamutula kwa mnyamata usiku, nawauza awiriwo kuti akwatirane, afune asafune. Mnyamatayo ali ndi udindo wosamala mwana ndi mayi wake, ndipo pamenepo sayenera kuzemba. Koma ukwati ndi sakramenti limene awiriwo amapatsana mwaufulu. Nchifukwa chake wansembe amafunsa aliyense wa iwo, asanamange ukwati, ngati wabwera popanda womukakamiza. Makolo ndi ankhoswe amene akudziwa kuti yankho la mwana wawo ndi la mantha akumanga nyumba pa mchenga.

Chimodzimodzinso pa nkhani ya mtulo, masika ndi zopereka za chitukuko. Kuthandiza Mpingo ndi udindo wa mkhristu aliyense monga mwa kupeza kwake, ndipo parishi siingayende popanda ndalama za magetsi, madzi ndi malipiro a ogwira ntchito. Amene ali nazo koma amabisala kumbuyo kwa osauka akudzinamiza okha. Komabe njira zotolera ziyenera kukhala zachikhristu. Kuwerenga maina a olephera pagulu kuti achite manyazi, kapena kuuza gogo wolera ana amasiye kuti akadzamwalira akhristu sadzabwera kudzaimba chifukwa khadi lake lili ndi mipata, nkumugwira pakhosi ndi dzanja la Mpingo. Paulo Woyera pa 2 Akorinto 9 akuphunzitsa kuti aliyense apereke monga watsimikizira mumtima, popanda kuumirizidwa, pakuti Mulungu amakondwera ndi wopereka mosangalala. Mtsogoleri wa mphakati amene wapeza banja losapereka ayambe wafunsa ngati pakhomopo padyedwa dzulo.

Akhristu achenjerenso ndi alaliki a m'makwalala ndi a pa wailesi amene amaopseza odwala ndi osowa ntchito kuti akapanda "kufesa mbewu" ya ndalama zakutizakuti, tsoka liwagwera. Madalitso a Mulungu sagulitsidwa, ndipo Petulo Woyera adadzudzula Simoni wamatsenga pa Ntchito 8 chifukwa cha maganizo omwewo.

Njira ya Mulungu

Mulungu ali ndi mphamvu zonse, koma sagwira munthu pakhosi. Mngelo Gabriele adafotokozera Amayi Maria, adayankha funso lawo, nadikira kuvomera kwawo. Yezu adamuyang'ana mwachikondi mnyamata wachuma uja, ndipo iye atakana kugulitsa katundu wake, adamulola kupita. Ophunzira ambiri atamusiya chifukwa cha chiphunzitso cha Mkate wa Moyo pa Yohane 6, Yezu adafunsa khumi ndi awiri aja ngati nawonso akufuna kuchoka. Khomo lidali lotsekula. Buku la Chivumbulutso, mutu 3, limamuonetsa ataima pakhomo akugogoda. Paulo Woyera, polembera Filemoni za kapolo wake Onesimo, adanena kuti akadatha kulamula, koma adasankha kupempha, kuti chabwino chimene Filemoni achite chichokere mumtima.

Wina angafunse kuti: nanga mathero a fanizo la lero, pamene mfumu ikupereka wantchito wouma mtima kwa ozunza, si kuopseza kumeneko? Kuchenjeza ndi kuopseza nzosiyana. Woopseza amapanga yekha choopsa kuti apeze phindu lake. Wochenjeza amaloza dzenje limene lilipo kale kuti mnzake asagweremo, ndipo sapindulapo kanthu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Yezu akunena zoona zokhazokha: mtima wokana kuchitira ena chifundo umadzitsekera wokha khomo lolandirira chifundo.

Kwa wogwidwa ndi kwa woonerera

Wogwidwa pakhosi adziwe kuti Mpingo umaphunzitsa kuti mantha aakulu ndi kuumirizidwa zimachepetsa, mwinanso kuchotseratu, mlandu wa munthu pa zimene wachita. Mtsikana wogwiriridwa sadachimwe. Namfedwa amene adasayina pepala atazingidwa ndi achibale asadziweruze, ndipo angathe kukadandaula. Ofesi ya parishi, bungwe la Chilungamo ndi Mtendere la CCJP, ndi nthambi ya Victim Support Unit ya kupolisi zilipo chifukwa cha anthu otere. Woumiriza amadalira kuti mnzake akhala chete; nkhani ikafika kwa anthu ena, dzanja lake limayamba kufooka.

Pali nthawi zina pamene chimene munthu akuumirizidwa ndi tchimo loonekeratu, ndipo apo mkhristu amaitanidwa kulimba. Pilato adadziwa kuti Yezu ndi wosalakwa, koma atauzidwa kuti akamumasula sakhalanso bwenzi la Kaisara, adagonja kuti ateteze mpando wake. Denis Ssebuggwawo Woyera, nkhoswe ya parishi ya Chinsapo, adali mnyamata wotumikira kunyumba ya mfumu Mwanga ku Uganda, ndipo adaphedwa mu Meyi 1886 chifukwa chophunzitsa mnzake chikhristu. Karoli Lwanga ndi anzake adatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni chaka chomwecho atakana kusiya chikhulupiriro ndi kugonjera zilakolako za mfumuyo. Wodala Benedict Daswa, mphunzitsi wamkulu wa ku Venda m'dziko la South Africa, adakana kusonkha nawo ndalama zolipira sing'anga woti aloze mfiti imene ankati ikubweretsa ziphaliwali m'mudzi. Adadziwa kuti ndalamazo ziphetsa munthu wosalakwa. Adaphedwa pa 2 Febuluwale 1990, ndipo Mpingo udamutcha Wodala pa 13 Sepitembala 2015. Si onse adzafunsidwa magazi, koma kalaliki wouzidwa kusintha manambala, kapena mboni youzidwa kunama m'khoti, akuyenda njira yomweyo.

M'fanizoli mulinso anthu ena amene saonedwa kawirikawiri: antchito anzawo aja amene adaona zochitikazo, namva chisoni, nkupita kukauza mfumu. Sadanene kuti za eni sizilowereredwa. M'mapuloti a m'tauni, momwe mabanja asanu kapena khumi amagwiritsa ntchito mpopi umodzi, palibe chitseko chimene chimazulidwa anthu osaona. Mphakati umene umangokumana kuimba ndi kusonkha, koma nkukhala chete namfedwa wa pakati pawo akulandidwa nyumba, waiwala ntchito yake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sabata ino

Paulo Woyera m'mawerengo achiwiri akukumbutsa Aroma kuti pa moyo ndi pa imfa, munthu ndi wake wa Ambuye. Khosi la wobwereka, la walendi, la wantchito wa pakhomo, la mkazi kapena mwamuna m'banja, lili ndi mwini wake, amene adaliuzira mpweya. Pa Misa ya lero, asanapemphere Atate Athu ndi kupatsana moni wa mtendere, mkhristu aliyense adzifunse ngati pali munthu amene akulephera kupuma chifukwa cha iye. Amene akusunga khadi ya ATM kapena chiphaso cha mnzake abweze, ndipo agwirizane njira ina pamaso pa mboni. Amene ali ndi ngongole apite yekha kwa mwini ndalama akanene tsiku ndi kuchuluka kwa zimene angakwanitse. Amene adalanda katundu wa amasiye akaonane ndi bambo mfumu, alandire sakramenti la Kulapa, ndipo abweze. Miphakati pa misonkhano ya sabata ino iwerengenso Mateyo 18:21-35 ndi kukambirana za njira zimene imatolera zopereka.

Ambuye Yezu, amene adafafaniza ngongole ya anthu onse pa mtanda, afewetse manja ouma, alimbitse ofooka, ndipo apatse akhristu a parishi ino mtima wokhululuka, kuti pochoka pa guwa lake kukhosi kwa aliyense kukhale koyera. Amen.